Khutu la Kapitawo

Kapitawo, ng'ombe yolimira, anasowa Lolemba m'mawa, mvula yodzalira itangogwa kumene. A Josephat Sakala atapita kukhola anapeza mitengo iwiri ya pachipata ili pansi. Jamani, mnzake wa pagoli, ankangobzikula phee ngati sakudziwa kanthu. A Sakala anafunafuna kudambo, kuminda mpaka kumsewu wa ku Sinda, koma sanampeze. Anabwerera masana atatopa, mtima uli m'malere. Anzawo onse anali atayamba kulima, pomwe iwo pulawo yawo inali gone pansi pa mtengo wa mango, chifukwa Jamani sakanaikoka yekha.

"Vainess!" anaitana. "Bwera nayo foni yako ija igwireko ntchito lero."

Vainess anali mwana wawo woyamba. Ankaphunzira Giredi 11 pasukulu yogonera komweko ku Katete, ndipo anali atabwera kutchuthi. Foni anampatsa ndi azakhali ake a ku Lusaka, ndipo mtsikanayu anali katswiri pokonza zithunzi. Akagwira chithunzi, ankachifewetsa mpaka chinkaoneka ngati chojambulidwa ndi utoto. Ziphuphu zinkathawa, khungu linkasalala, ndipo kumbuyo kwa munthu kunkatuluka kuwala kwa golide ngati dzuwa likulowera m'khosi mwake. Kusukulu atsikana ankachita kumupangira mzere. Iye mwini zithunzi zake zinali zowala kwambiri moti agogo ake ataona chimodzi anafunsa kuti, "Mwana wa yani ameneyu?"

Pazithunzi za iye mwini, chinalipo chimodzi chokha chimene sanachigwire. Amene anachijambula chaka chatha ndi amayi ake, ndipo iwo anamuuza mosapita m'mbali kuti akadzangochifufuta kapena kuchipaka zopakapaka zakezo, foniyo idzagona m'chimbudzi. Vainess anachibisa pansi penipeni m'fonimo, kumene ngakhale iye sankafikako.

"Uli nacho chithunzi cha Kapitawo?" anafunsa atate ake.

"Chilipo, atate."

"Uchitumize pagulu la alimi la pa WhatsApp. Ulembe kuti yasowa, ndipo woiona aimbe."

Vainess anakhala pakhonde n'kutsegula chithunzicho. Anagwira pakamwa. Kunena zoona, Kapitawo sanali ng'ombe yoti munthu n'kuicheukira kawiri. Mtundu wake unali ngati dothi la pachulu. Khutu lakumanzere linali long'ambika pakati chifukwa anakodwa pawaya ali thole, ndipo pantchafu anali ndi chipsera chachitali. Pachithunzipo ntchentche zitatu zinali zitamutera pamphuno.

"Anthu mazana awiri aone zimenezi, dzina langa lili pansi pake?" anadzifunsa. "Iyayi."

Anayamba ndi ntchentche. Kenako anati chipsera nachonso chichoke. Khutu linamuvutako pang'ono, koma anakopera lakumanja, n'kulitembenuza, n'kulimata kumanzere. Pomaliza anathira kuwala kuja. Ubweya unasanduka wagolide, maso ananyezimira, ndipo khola lamatope linasungunuka n'kukhala nkhungu yofewa. Chithunzi chakale anachifufuta, poti foni inkadandaula kuti yadzaza. Anatumiza chatsopanocho mtima uli mbee.

Mayankho sanachedwe. Wina analemba kuti, "Koma ng'ombe iyi ndi yokongola!" Wina anafunsa ngati ikugulitsidwa. Mayi wina wa ku Vubwi anapempha kuti aiike pakalendala ya mpingo wawo. Bambo wina anangoti, "Ng'ombe zotere kuno kulibe, kafuneni kumafamu a azungu." Vainess ankawerenga mawu oyamikirawo akumwetulira, koma woti waiona sanapezeke. Linadutsa Lachiwiri, linadutsa Lachitatu. A Sakala anasiya kudya bwino. Ankangoyang'ana mitambo, n'kuyang'ana pulawo, n'kupukusa mutu. Chithunzicho iwo sanachione, popeza foni yawo inali ya mabatani.

Lachisanu amayi ake Vainess anabwera kuchokera kumsonkhano wa amayi a Chigwirizano akuthamanga, duku lili pambali.

"Bambo, akuti kufupi ndi ku Mkaika kuli ng'ombe yosokera! Ili kwa a Humphrey Mbewe, mkulu wa mpingo. Yakhala kumeneko masiku anayi."

Dzinalo Vainess ankalidziwa bwino. A Mbewe anali atate ake a Melody, mnzake wa m'kalasi, mtsikana amene pakamwa pake sipankagona nkhani. Ndipo Melody yemweyo ndi amene Vainess anamuuza, pamaso pa atsikana onse a m'chipinda chogona, kuti iye chibadwire sanagwirepo pulawo, kwawo amalima ndi aganyu.

"Kwera njinga," anatero a Sakala. "Foni usaiwale, umboni wathu ndi umenewo."

Anafika dzuwa litapendeka. Pabwalo la a Mbewe panali Kapitawo, atamangidwa pamtengo, akudya makoko a chimanga mosatekeseka. Khutu lake long'ambika lija linkakupiza ntchentche. A Sakala anatsala pang'ono kulira.

"Ndi yanga imeneyi, a Mbewe! Ndi Kapitawo!"

A Mbewe anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anawapatsa mipando kaye, n'kuwafunsa za kunyumba, za mvula ndi za mbewu, ndiyeno anafika pankhani.

"Musandione ngati wovuta, a Sakala. Dzulo kunabwera anthu awiri ndi galimoto ya kanta, nawonso akuti ndi yawo. Nditawafunsa umboni anati akukatenga, mpaka lero. Akuba ng'ombe achuluka. Inu umboni wanu ndi wotani?"

"Imandidziwa mawu," anatero a Sakala monyadira. Anaimirira n'kukuwa, "Kapitawo! Kapitawo, bwera!"

Kapitawo anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana ngati munthu amene sanamuonepo, n'kubwerera kumakoko ake. Anthu apafupi amene anali atayamba kusonkhana anaseka. Melody naye anatuluka m'khitchini, mpeni ndi anyezi zili m'manja.

"Ah, Vainess! Ni iwe? Wabwela na njinga?"

Vainess anangogwedeza mutu.

"Chabwino, tili ndi chithunzi," anatero a Sakala, thukuta likutsika. "Mwanawe, aonetse."

A Mbewe analandira foni ndi manja awiri. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anapukuta magalasi ndi malaya, n'kuyang'ananso. Kenako anapita pafupi ndi Kapitawo, n'kumayang'ana uku ndi uku.

"Chithunzi ichi ndinachiona pagulu Lolemba lomwelo," anatero. "N'chifukwa chake sindinaimbe. A Sakala, ng'ombe yanu ndi yagolide. Makutu ake ndi athunthu, chipsera ilibe. Ikuoneka ngati ikukhala kumwamba ndi angelo. Iyi ili panoyi ndi ng'ombe ya pansi pano."

"Yagolide?" A Sakala analanda foniyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa. "Vainess, ng'ombe iyi ndi ya yani?"

"Ndi Kapitawo, atate," anayankha motsitsa mawu. "Ndinangomukonzako pang'ono."

"Pang'ono? Khutu ili walitenga kuti?"

"Ndi lakumanja lomwelo. Ndinaliika kawiri."

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Mayi wina anachita kukhala pansi, atagwira nthiti. A Mbewe okha ndi amene sanaseke.

"Pepani," anatero. "Popanda umboni sindingaipereke. Mawa m'mawa ndikaisiya kupolisi ku Katete, nkhaniyi akaiweruze okha."

A Sakala anakhala pansi. Ankadziwa kuti zikafika kumeneko padzapita masabata, mboni ziitanidwe, makalata alembedwe, pomwe chinyezi m'munda sichidikira munthu. Sanamukalipire Vainess. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo zimenezo zinamupweteka mtsikanayo kuposa kukalipiridwa.

Vainess anayang'ana Melody, amene maso ake anali gwa, akusunga chilichonse kuti akachifotokoze sukulu ikatsegulira. Anayang'ananso atate ake. Kenako anatenga foni n'kutsika pansi penipeni, kumene kunali chithunzi choletsedwa chija.

"A Mbewe," anatero, "chilipo china."

Pachithunzicho panali munda wonyowa. Pakati pake panali Vainess, atavala jekete lakale la atate ake ndi nsapato za jombo zosiyana mitundu. Anali atangodzuka kumene pamene anagwa, matope kuyambira kutsitsi mpaka kumawondo, dzanja limodzi lili pa pulawo, kukamwa kuli kotsegula akukalipira amayi ake kuti asajambule. Pambali pake panaima Kapitawo ali pagoli, khutu long'ambika lili poonekera, chipsera chili pantchafu, ngakhale ntchentche zinalipo.

A Mbewe anayerekeza khutu ndi khutu, chipsera ndi chipsera. Kenako anayang'ana Vainess, n'kuyang'ananso pafoni.

"Eya," anatero. "Ng'ombe ndi yomweyi, mwananso ndi yemweyu. Masulani chingwe, a Sakala."

Foni inayenda m'manja mwa anthu onse, monga zimachitikira. Itafika kwa Melody, Vainess anatseka maso. Melody anaseka mpaka misozi, anyezi n'kugwa pansi.

"Iwe, si unakamba kuti kwanu kulima ni aganyu?"

"Waganyu wake ndine," anayankha Vainess, nkhope ikuyaka ndi manyazi.

Melody anapukuta misozi, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kumutambasulira zikhatho. Zinali ndi matuza atatu atsopano.

"Ine nabwela ku munda manje manje," ananong'ona. "Ku sukulu ninakamba kuti holide nizankhala ku Chipata. Ukakamba zanga, naine nizakamba zako."

Pobwerera a Sakala ankakankha njinga, Vainess atagwira chingwe. Kapitawo ankayenda monyinyirika, akucheukira kumakoko amene anawasiya. Atayenda mtunda wautali, Vainess analephera kupirira.

"Atate, mundikhululukire. Masiku anayi apita chifukwa cha ine."

"Apita," anavomera atate ake. "Mawa tilawirira. Jombo zako zija zikadalipo."

Loweruka analima mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo Vainess sanadandaule ngakhale kamodzi. Lamulungu a Sakala anavala suti yawo ya kutchalitchi n'kuima pafupi ndi mtengo wa mango. Ankafuna chithunzi chotumiza kwa mlongo wawo ku Lusaka. Vainess anajambula, ndipo mwachizolowezi chala chake chinayamba kulowera kumene kumakhala kuwala kwa golide kuja.

"Ima pomwepo," anatero atate ake. "Thirako kuwala pang'ono kuti suti ioneke, zimenezo sindikana. Koma makwinya anga, dazi langa ndi dzino losowali uzisiye momwemo. Nanga tsiku lina ndikadzasokera ine, mudzandipeza bwanji?"

Vainess anaseka, n'kuchotsa chala chake. Anatumiza chithunzicho dazi likuwala lokha.