Tsamba Lolira pa Mlambe Wachitsulo

Mlonda, a Mahmudu, ndiwo anayamba kumva. Mlambe wachitsulo umene Dafroza anaimika pabwalo la ku Tegeta unkalira usiku.

Dafroza anauwotcherera zaka ziwiri ku Chang'ombe. Thunthu linali la mapaipi akale, masamba ake mafoni akufa oposa chikwi amene anthu anapereka, onse ochotsedwa mabatire. Masana mbalame zinkamangamo zisa, ndipo iye ankati cholinga chake chinali chomwecho.

Koma ikakwana 2 koloko usiku, maminibasi a daladala atasiya kuyenda, mumdima wa nthambi zapamwamba munkatuluka kanyimbo kafoni, kotsika, kobwerezabwereza. Ena ankati ndi mbalame yotsanzira, ena ankati waya ukuimba ndi mphepo ya kunyanja. Zonsezo n'zotheka. Komabe amayi ogulitsa chapati anasamuka pabwalopo, ndipo akuluakulu a dera anati kulirako kukafika Lachisanu, mtengowo udulidwe.

Lachitatu Dafroza anachezera pamodzi ndi mlondayo. Kunali chifundizi, udzudzu ukulira m'makutu. Kenako kanyimbo kaja kanayamba.

"Mwamva, mama?" ananong'ona a Mahmudu. "Mabatire munachotsa, sawa. Koma munafunsa ngati eni ake ali moyo? Kwathu katundu wa malemu satuluka m'nyumba arobaini isanakwane, masiku makumi anayi. A Nasiba anakupatsani foni patangotha sabata chiikireni amuna awo."

"Bwanji simunanene kale, bambo?"

"Inu ophunzira mumafunsa mlonda?"

Dafroza anakwera makwerero. Anatsatira kuliraku mpaka anagwira tsamba limodzi lofunda ngati dzanja la munthu. Analidula.

M'mawa anapita nalo kwa a Nasiba. Mayiwo analiyang'ana osalikhudza.

"Imeneyi si ya malemu. Yawo ili m'sutikesi, yozima. Iyi inali yanga."

Dafroza anang'ung'udza kanyimbo kaja. A Nasiba anagwira chitseko.

"Kameneko ndinaikira iwo okha, kuti ndizidziwa kuti ndi iwo. Ankaimba nthawi imeneyo akaweruka kudoko, kuti nditsegule geti." Kenako anati, "Pitani nayo, mwanangu. Muno isalowe."

Mtengo unakhala chete, ndipo sunadulidwe. Foniyo Dafroza analephera kuitaya. Ili m'kabati mwake, yokulungidwa m'nsalu ya kanga, ndipo usiku uliwonse amadzidzimuka 2 koloko isanakwane, n'kumamvetsera geti.