Mpando wa Pambali pa Makina

Atelala anali atagwada pansi pa tebulo, akusaka tepi yoyezera imene inali lende m'khosi mwawo, pamene mwana wawo wamkazi analowa m'shopu.

"Ababa, ndabwera kudzatenga nsalu yanga."

Anadzambatuka, mutu n'kugunda tebulo. Nsalu yobiriwirayo anaidula mwezi watha. Mwambo wotsazikana kusukulu unali mawa lake, koma diresi linali likadali zidutswazidutswa.

"Upite nayo kuti?"

"Kutsidya."

Kutsidya kwa msewu kunali shopu ya mnyamata amene iwo omwe anamuphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano. Mwana wa telala kukasoketsa kwa wina, msewu wonse ukuona!

Pakhoma panali polendewera mbiri yawo: malaya opanda kolala, mathalauza opindidwa mwendo umodzi, ndi jekete la mkono umodzi la mkwati amene tsopano anali bambo wa ana awiri. Anthu ankawatcha a Mkonoumodzi. Iwo ankati imeneyo ndi nsanje chabe, luso lalikulu silithamanga.

Masiku apitawo akazi awo, atatopa ndi kuzimitsa simbi zoiwalika, anawakokera kuchipatala. Dokotala anawafunsa zambiri, mpaka za ubwana wawo, kenako anati ali ndi vuto lotchedwa ADHD.

"Si ulesi, bambo. Maganizo anu amavutika kukhazikika pa chinthu chimodzi, ndipo mwakula nalo. Mankhwala alipo. Komanso muziika ntchito imodzi yokha patebulo, ndipo wina azikhala nanu pafupi mukamasoka."

"Ine ndasokera mabwana masuti," anayankha Atelala akusisita imvi za kundevu. "Lero mundipezere mlezi?"

Panjira anawalumbiritsa akazi awo kuti ana asamve.

Tsopano mwanayo anali akutola zidutswa zake chimodzichimodzi.

"Ndimaliza lero lomwe, mwana wanga."

"Munatero ndi yunifolomu yanga yoyamba. Ndinavala ya msuweni chaka chonse." Sanakweze mawu. "Sikuti mumanama, ababa. Mumangoiwala kuti ndilipo."

Mawuwo anawalasa kuposa singano. Anathamangira pakhomo n'kutambasula manja ngati wotchinga nkhuku.

"Sindikuiwala iwe," anatero Atelala. "Mutu wangawu ndi umene umandithawa. Adokotala anandiuza dzina lake, ine n'kuchita manyazi. Ndikangoyamba chinthu, china chimandiitana. Ndayesa ndekha zaka zonsezi, zandikanika." Anakoka mpando wa makasitomala n'kuuika pambali pa makina. "Khala apa. Usagwire chilichonse. Ungokhala."

Mtsikanayo anakhala, chikwama chili pamiyendo ngati munthu wodikira basi.

Atelala anasesera nsalu zina zonse m'thumba, anatseka wailesi, n'kuyamba kupalasa makina. Msoko woyamba unayenda bwino. Uli pakati wachiwiri, anamva kuti makina akulira mwachilendo, ndipo dzanja linapita lokha pa botolo la mafuta.

"Ababa."

Analibweza. Posakhalitsa panafika munthu ndi zipi yothothoka, kantchito kokoma kongofuna kamphindi. Atelala anali ataimirira kale.

"Ababa, mkono."

"Mubwere mkuja, achimwene," anatero ngati akutsazika maliro.

Dzuwa litapendeka, galimoto ina inafera pamsewu pomwepo. Atelala anangozindikira ali pakhomo, sizasi m'manja, akulangiza dalaivala za injini imene sanaigwirepo chibadwire. Atacheuka anaona mwana wawo ataimirira, akupinda diresi la mkono umodzi kuti alilowetse m'chikwama. Maso ake anali atafiira.

"Ayi, ayi, chonde!" Anabwerera mothamanga. "Undiitane kakhumi, kazana. Usatope nane lero lokha."

Mtsikanayo anapuma mozama, n'kuliyalanso patebulo.

"Mkono winawo, ababa."

Anasoka thukuta lili kamukamu, mlomo ukubwereza wokha: mkono, mkono, mkono. Pamene mashopu ena ankatseka, anadula ulusi n'kulikweza diresilo m'mwamba. Mwanayo anagwira mkono wakumanja, anagwiranso wakumanzere, ngati sakukhulupirira kuti ilipo yonse.

Atelala anakonza kukhosi, chifuwa chayamba kale kutukumuka. "Waona? Mmisiri weniweni akafuna..."

"Mabatani, ababa."

Atelala anakhalanso pansi.

M'mawa mwake, mtsikanayo atadutsa pakhomo pa mnyamata wakutsidya atavala zobiriwira, Atelala anafunsa akazi awo, maso ali kumbali, kuti kodi adokotala aja anati abwerereko liti. Kenako anatsitsa jekete la mkwati lija, analikuntha fumbi, n'kuloza mpando.

"Mayi, muli ndi zochita kodi? Takhalani apa pang'ono."