Shukuru Anatseka Foni Pakamwa

Khalani pansi! Iwe wa kumbuyoko, chala chichoke m'mphuno. Mukasokosa ndinyamuka, ine sindinachite kupempha kubwera kuno. A Madamu Lindiwe, mulembe momwe ndikuyankhuliramu, musakonze. M'kalasi ndalowa lero ndi imvi zangazi, koma palibe anandipusitsapo pamsika wa Salima. Nkhaniyi ndi ya mdzukulu wanga, ndiye ikundiwawa. Chete.

Ku Lifuwu kuli khomo la Che Binali, mwana wanga woyamba, ndi mkazi wake Hasina. Khomo losaphonya swala ku mzikiti, lolima mpunga mu sikimu, losatukwana. Mwana wawo Shukuru anali wa mutu. Anakamuphunzitsa za makompyuta ku Lilongwe. Atabwerako, kampani ina yogula mpunga pa boma paja inkafuna munthu woyang'anira seva. Che Binali anavala kanzu yoyera nakamuimira okha kwa abwana a pamenepo, Mayi Florence.

"Mwana uyu ndi wanga," anatero. "Akadzalakwa, mudzafunse ine."

Seva mumaidziwa? Musagwedeze mitu yabodza. Ine ndinaiona ndi maso angawa. Ndi chibokosi chakuda chong'ung'udza m'kachipinda kozizira, timagetsi tili phethiphethi. Makalata onse a pakompyuta, maimelo aja, olowa ndi otuluka, amafikira mmenemo ngati mpunga m'nkhokwe. Ntchito ya Shukuru inali kuona ngati chibokosicho chikudzadza, ngati chikutentha, ngati makalata akuyenda. Ndiye panali kabokosi kena, kakang'ono ngati sopo wochapira, amati bakapu. Mmenemo ankakoperamo zonse, kuti chachikulu chikafa, zinthu zisafere limodzi. Ndipo chachikulucho chikamva kuwawa chinkalira pa foni ya Shukuru, tii! tii!

Bambo ake anamuuza tsiku loyamba: "Ichi ndi amana, chosungitsa cha anthu. Mpunga wa sikimu yonse umapeza ogula kudzera m'bokosi lakolo. Likalira, dzuka."

Poyamba ankadzukadi. Ngakhale chakudya chili m'kamwa, tii! tii! iye uyo panjinga. Anthu ankati Che Binali anabala.

Kenako anazolowerana ndi Sean, mnyamata wa babashopu pafupi ndi depoti, amene amaonetsa mpira ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni. Tsiku lina mpira uli mkati, foni inalira. Shukuru anaimirira.

"Aise, iwe ndi injiniya kapena mlezi wa khanda?" anatero Sean. "Kafoni kangoti tii, wathamanga."

"Ndi seva. Ikuti malo akuchepa."

"Yafa?"

"Ayi."

"Dzulo inalira. Inafa?"

"Ayi."

"Ndiye khala pansi, ukutitchinga. Makina ndi mwana woliralira, ukamamunyamula amazolowera."

Anyamata anaseka. Shukuru nayenso anaseka, manyazi atamugwira, nadina penapake pafoni paja, kulira kuja kunatheratu. Tsiku limenelo sikunachitike kanthu. Mawa lake sikunachitike kanthu. Ulesi ndi choncho ana inu, suluma tsiku loyamba.

Mayi ake ndiwo anayamba kununkhiza.

"Shukuru, foni yako ija inkatisowetsa mtendere, bwanji yangoti duu?"

"Ndinakonza, amayi."

"Wachiza matenda, kapena watseka wodwala pakamwa?"

"Amayi, za makompyuta zisiyeni. Si mpunga."

Hasina anangomuyang'ana, napitiriza kupeta. Shukuru mawu aja anamubaya ndithu, koma anawameza ndi tiyi.

Posakhalitsa Sean anamutsatira mpaka ku ofesi.

"Man, ndapeza ganyu yoimba pa ukwati ku Chipoka, koma kompyuta yanga yadzadza. Ndibwereke kabokosi kako kaja, ndiikemo nyimbo ndi mavidiyo."

"Muli makalata a kampani."

"Makalatawo m'chachikulumo mulibe?"

"Alimo."

"Ndiye ukusunga chinthu chimodzi kawiri ngati wamisala? Fufuta. Lolemba ndikubwezera, udzakoperanso. Adziwa ndani?"

Shukuru anayang'ana kabokosiko. Anakumbukira kanzu yoyera ija. Koma anaopa kutchedwanso mlezi wa khanda. Anafufuta zonse psiti, napereka. Lolemba linafika, linapita. Linanso linafika, linapita. Sean ankangoti, "Mawa, man." Shukuru naye anasiya kufunsa, chifukwa kufunsa kunkamukumbutsa.

Mpunga unamwetedwa. Chaka chimenecho unabereka, matumba kuunjikana m'shedi ku Lifuwu mpaka kudenga, fungo la kilombero kumveka pamsewu. Kunali wogula wamkulu wa ku Lilongwe amene anati autenga wonse, zikangotha za mapepala. Mayi Florence ankadikira kalata yake. Kuli zii.

"Shukuru, bwanji maimelo sakulowa?"

"Ndi netiweki, madamu. Ikuvuta dziko lonse."

Bodza! Chibokosi chinali chitadzadza thoo. Makalata ankafika, kupeza chitseko chotseka, n'kubwerera kwa eni ake. Chinalira mpaka kutopa, koma chinkalirira munthu wotseka makutu.

Tsiku lina komiti ya alimi inabwera pa ofesi kudzafunsa za malole odzatenga mpunga. Panali ashehe, panali azimayi a sikimu, panali Che Binali. Ali pomwepo, Mayi Florence anaimbira wogula uja foni. Shukuru anaona nkhope yawo ikugwa.

"Akuti akhala akutilembera, makalata akubwerera. Akuti tiwatumizire mapepala a mgwirizano aja dzuwa lisanalowe, apo ayi akagula kwina. Shukuru!"

Anathamangira m'kachipinda kaja. Anadina foni kuti iyambenso kulira, ndiye inakhuthula kulira konse kwa miyezi ija, tii tii tii tii, ngati anapiye aona kabawi. Thukuta kamukamu m'chipinda chozizira. Anaganiza kuti: ndingochotsa chinthu chachikulu chimodzi, malo apezeke, makalata alowe, palibe adziwe. Anaona chimene chinkadya malo ambiri. Sanawerenge bwino, sanafunse munthu. Anadina.

Chinali nkhokwe yeniyeniyo. Makalata onse a kampani, ndi mapepala a mgwirizano omwe, anapita.

Anatuluka nakanena kuti makalata onse apita. Mayi Florence atamva anapuma mwamphamvu, koma anati, "Musadandaule akuluakulu, n'chifukwa chake timasunga bakapu. Katenge."

Apa akanagwada n'kunena zoona. Koma munthu akayamba kumira amagwira ndi thovu lomwe. Anathamangira ku babashopu, kukatsomphola kabokosi m'manja mwa Sean, njira yonse akupemphera kuti mwina kena kanatsalira pansi.

Mayi Florence analumikiza okha pa kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano, yomwe imaonetsa pa chikanema chachikulu chapakhoma. Anatsegula. Sanaone kalata ngakhale imodzi, koma mayina achilendo okhaokha. Anadina limodzi.

Ng'oma zinaphulika m'sipika. Pakhoma ponse panadzadza atsikana ovala tinsanza, akugwedeza ziuno.

"Asitaghafirullah!" anatero ashehe, nkhope atayang'ana kumbali. Azimayi anaphimba kumaso ndi mipango. Wina anafuna kuseka, kuseka kunamuthera pakhosi. Mayi Florence ankasakasaka pozimitsira, nyimbo ikungopitirira.

Itazima, Mayi Florence anatembenukira kwa Shukuru.

"Makalata ali kuti, Shukuru?"

"Ndinafufuta, madamu."

"Anakutuma ndani?"

"Palibe."

Che Binali anaimirira pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane mwana wawo. Anayang'ana Mayi Florence.

"Ndinati mudzafunse ine. Ndili pano, mayi. Funsani."

Shukuru akuti bola akanamumenya khofi pamaso pa onse. Mawu amenewo ndiwo amamudzutsabe mpaka lero.

Dzuwa linalowa, wogula anapita kwina. Mpunga uja anautola mavenda pamtengo wozizira, wina anankafumbwe anayamba kuuboola. Ena mwa inu mukukumbukira chaka chimene munabwera kusukulu opanda nsapato zatsopano. Ndi chimenecho. Shukuru ntchito inamuthera. Atapita kwa Sean, Sean anati, "Ine ndinakugwira dzanja? Suntha, ndikumeta munthu."

Che Binali anayenda khomo ndi khomo mu sikimu kupepesa, munthu wamkulu, wosalakwa. Ku mzikiti anasiya kukhala mzere wakutsogolo. Ine amene ndinkayenda mutu uli m'mwamba ndikunena kuti mdzukulu wanga ndi injiniya, kumjigo ndinkapita anzanga atachoka.

Shukuru anadzitsekera m'nyumba. Hasina ndiye anamutulutsa.

"Bambo ako akusenza manyazi ako khomo ndi khomo, iwe wafunda bulangeti? Dzuka. Kapena nanenso unditseka pakamwa?"

Lachisanu lotsatira, swala ya Ijumaa itatha, Shukuru anaimirira panja pa mzikiti anthu asanabalalike. Anati, "Si netiweki, si makina, si bambo anga. Ndine. Chinalira, ndinachitseka pakamwa. Chosungitsa chanu ndinabwereketsa. Ndikhululukireni." Ena anavomera ndi mutu. Ena analavula n'kumapita, ndipo ine sindiwada, mpunga unali wawo.

Tsono imvani, ndipo a Madamu apa mulembe ndi zilembo zikuluzikulu. Chimene wasungitsidwa si chako, usabwereketse ngakhale kwa mnzako wa pamtima. Chinthu chikalira kukuchenjeza, kaya ndi makina, kaya ndi mayi ako, kaya ndi mtima wako, usachitseke pakamwa, pita ukaone. Ndipo ukalakwa nena msanga, bodza limabala ana ambiri kuposa mbewa.

Ndiye madzulo ake, akubwerera kunyumba m'mbali mwa ngalande muja, bambo ake anaima, namugwira paphewa, nati...

Ndani akuitana panjapo? Ee? Ndamva, ndamva, ndikubwera! Ndi yemweyo, wabwera kudzanditenga. Masiku ano amapalasa kabaza pa depoti. A Madamu ndinu munamuimbira? Foni yake yalira kangati? Mwaona, kamodzi kokha, wafika kale. Tsekani bukulo asaone. Inu, nkhope zichoke pawindo! Wina akangomuseka ndimukoka khutu pamaso pa aphunzitsi ake. Ndipatseni ndodo yanga, munthu asadikire padzuwa.