Buku la Eni Likuonda

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapalasa njinga pamene kale pankadutsa mabwato, Lyson wa kwa Mwambo anaona kuti buku limene ankasunga m'nyumba mwake layamba kuonda.

Bukulo silinali lake. Linabwera ndi mwana wake Christina, amene ankaphunzira kukoleji ku Zomba. Makoleji anapangana zobwerekana mabuku, moti mwana wa koleji ina ankatha kupita kulaibulale ya koleji ina, kuonetsa khadi, n'kutenga buku. Christina anakwera basi mpaka ku Blantyre, kukoleji ya madokotala, n'kubwereka chibuku chonena za matenda a m'madzi. Lamulo lake linali louma ngati eni akewo: buku likapanda kubwerera lathunthu, wobwerekayo salemba mayeso omaliza. Anthu ophunzira ndi otero. Mwana wako akhoza kufa, iwo adzafunsa buku.

Mtsikanayo anabwera patchuthi ali bwinobwino, kenaka anangogona. Kuchipatala anamupima, sanapeze kanthu, anamupatsa timapiritsi toyera n'kumubweza. Thupi linkangotha, maso kulowa. Mawu asanathe anapempha bambo ake kuti asunge bukulo kuposa mbewu ya mpunga, poti ngakhale kuliwerenga anali asanaliyambe. Lyson analimanga ndi luzi lolimba n'kulipachika kudenga.

M'mawa wina anapeza luzi lija lakhwepa. Anamanganso, mawa lake linakhwepanso. Atatsegula anapeza masamba akusowa, koma osati mmene imadyera mbewa kapena chiswe. Anachoka bwinobwino ngati ometedwa. Komanso chikuto chinali chonyowa, m'chaka chimene amayi ankakumba mchenga wa mumtsinje wa Likangala kuti apeze madzi a m'chikho.

Usiku ankamva. Poyamba kachetechete wa nyanja yopanda achule, mdima wothina ngati wa m'nkhokwe. Ndiye kaphokoso ka pepala long'ambika pang'onopang'ono, ngati wong'ambayo akumva chisoni. Pambuyo pake madzi kudontha penapake, dontho, dontho. Sankadzuka kukaona. Ankagona chafufumimba, nkhope kukhoma, kuopa ngakhale kugwedeza mkazi wake Fanny.

Nkhani inamveka m'mudzi. Ena ankati nyanja inathawira m'bukumo. Mlamu wake Jameson, amene anagwirapo ulonda ku Blantyre, anati kukoleji imeneyo amang'amba mitembo, ndipo buku lochokera kumeneko silibwera lokha, mizimu ya mitemboyo imalilondola. Anamuuza kuti alitenthe. Kulitentha bwanji? Lyson anagulitsa mbuzi zonse ndi bwato kuti mwanayo afike pamene anafikapo. Kulibweza msanga nakonso kunali kosatheka, poti amene akanalandiridwa nalo pakhomo la laibulale anali mwini khadi, ndipo mwini khadiyo sankatha n'kukhala tsonga komwe.

Analichotsa kudenga n'kumatsamira. Linaondabe.

Kenaka Christina anayamba kulankhula kutulo. Sichinali Chinyanja. Anali mawu aatali a Chingerezi, otsatizana mosapumira ngati munthu akuwerenga, mawu ake ali okhuthala ngati a munthu wina. Kukacha sankakumbuka kanthu. Koma anayamba kumwa phala, ndipo tsiku lina anapempha matemba.

Lyson anatafuna tsabola kuti tulo tisamube, n'kumachita mkonono wabodza. Pakati pa mdima anamva buku likusololedwa pansi pa mutu wake pang'onopang'ono. Dzanja losololalo linali lozizira, linamukhudza khutu. Anadikira mpaka chitseko chitalira, ndiye anadzikoka n'kutsatira.

Kukhitchini kunkayaka koloboyi. Fanny anali atagwada, tsamba la buku lili m'mbale yadothi, akulithira madzi a m'chikho ndi kulifikisa ndi zala mpaka lisanduke phala lotuwa.

“Amake Christina,” ananong'ona Lyson, “ndinu?”

Mayiyo sanadzidzimuke. Anafotokoza motsitsa mawu kuti anaona kwa mnzake Nafisa, mwana wake atadwala, ashehe analemba mawu opatulika pambale, kuwatsuka, mwana kumwa madziwo n'kudzuka. Iye Mkhristu sakanapita kwa ashehe, mpingo ukanamudula. Koma m'nyumba mwake momwemo munali buku la madokotala enieni, lodzaza mawu a matenda. Nanga akanangoliyang'ana lili kudenga?

“Zimene amalemba ashehe zija ndi zina, izi ndi zina,” anatero Lyson. “Mwamuphera sukulu mwana.”

“Mayeso amalemba ali kumanda?” Fanny sanatukule mutu. “Dzulo wadya matemba. Inu simunaone?”

“Nanga zimene akulankhula usikuzi?”

Apa zala za mayiyo zinaima. Anati nazonso zimamuopsa, ndipo usiku wina analeka osamumwetsa. M'mawa mwake mwanayo anazizira mpaka m'maondo.

Lyson ananyamula bukulo. Linali lopepuka, theka lapita. Ngakhale akanalibweza mawa, anthu a mataye a kulaibulale aja sakanamva za nyanja youma kapena za mwana wodwala. Akanangoliyeza m'manja n'kufufuta dzina la Christina. Ndipo masamba otsalawo akadzatha, Christina adzamwa chiyani?

M'nyumba mawu aja anayambanso, okhuthala, osapumira. Anafika penapake n'kuima mwadzidzidzi, pakati pa liwu, ngati munthu amene wafika kumapeto kwa tsamba ndipo akudikira kuti wina amutembenuzire.

Awiriwo anamvetsera. Kupuma kwa mwanayo sikunkamveka.

Fanny anatambasula dzanja lonyowa. Lyson anayang'ana chitseko, anayang'ana mbale. Ndiye anakanikiza buku pabondo, nagwira tsamba lotsatira, n'kuling'amba yekha.