Mailosi Osalembedwa

Sufiyani analeredwa bwino, asakunamizeni munthu. Bambo ake, Che Abdulaziz a ku Chikweo, anayendetsa lole ya thonje zaka makumi awiri popanda mlandu, ndipo ndi iwo anamuphunzitsa kugwira chiwongolero. Mwanayo atapeza ntchito yoyendetsa Landirova ya kachipatala kena mu 1976, pakhomo panaphedwa mbuzi.

Galimotoyo inali ndi chilema chake: singano yoonetsa mafuta inafa kalekale. Choncho buku la maulendo ndilo linali maso. Dalaivala ankalemba nambala ya pa mita ponyamuka ndi pobwera, ndipo a Blasius, osunga sitolo, ankathira petulo molingana ndi mailosi olembedwawo, osaonjeza ngakhale dontho.

"Mwana wanga, uzilemba mtunda uliwonse," anatero bambo ake. "Buku ungalinamize, koma thanki sinamizika."

Kenaka kunabwera Wadson, wogulitsa nsomba, munthu wa pakamwa pozuna.

"Achimwene, mukatula mankhwala ku Ngokwe mumabwerera opanda katundu. Bwanji tikhotere ku Chiuta, tinyamule madengu anga?"

"Mita idzandiulula."

"Iyayi! Kawaya kake kali pansi apa. Mukakamasula, mita imagona."

Inagonadi. Poyamba Sufiyani ankagula petulo wobwezera amene waba. Pambuyo pake ndalama za nsomba zinayamba kukoma, nsapato zosongoka zinamuitana ku Balaka, ndipo zobwezera zija anaziiwala. Bambo ake atamva fungo la nsomba pa mipando anamufunsa ngati chipatala chinayamba kugoneka mlamba. Iye anangoseka, poyesa kuti nkhalamba yatha nzeru.

Lachinayi lina masana anthu anabwera naye pa machira mayi wina dzina lake Saida. Mwana anali atapingasa m'mimba, ndipo namwino, a Modester, anati athamangire naye kuchipatala chachikulu. A Blasius anatsegula buku.

"Kuyambira Lolemba wayenda mailosi makumi atatu okha. Mafuta akwana, si choncho Sufiyani?"

Mgolo wa petulo unali pomwepo, kiyi ali m'manja mwa a Blasius. Sufiyani ankadziwa kuti dzulo lake anafika kawiri ku Chiuta. Kukanangofunika mawu amodzi basi, koma anaopa kuchotsedwa ntchito.

"Akwana," anatero.

Atadutsa Ntaja, galimoto inatsokomola kawiri n'kuima. Dzuwa linali likuswa mtengo, msewu uli zii. Anadikira maola atatu isanatulukire lole yowanyamula, ndipo pofika kuchipatala Saida anapulumuka, koma khanda linali litapita.

Mwamuna wa Saida anamugwira dzanja Sufiyani ndi manja onse awiri.

"Che dalaivala, inu mwayesetsa. Makina ndi makina. Mulungu akulipireni."

Akanamutukwana, mwina Sufiyani akanapirira. Koma kuthokozako kunamulasa mtima, ndipo analira pamaso pa anthu. M'mawa mwake anakaulula zonse kwa a Blasius, napereka makiyi. Bambo ake anamuperekeza kwa mwamuna wa Saida kukapepesa, ndipo mwamunayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Achinyamata, Sufiyani sanali chigawenga. Ankangoti akuba mafuta pang'ono opanda mwini. Koma chimene mwapatsidwa kuti mulembe, lembani choona, pakuti alipo wina amene adzaika moyo wake pa nambala yanuyo. Mulungu amakhululuka wolapa, koma Saida anabwerera kwawo ku Chikweo ndi nsalu yoberekera ili yopinda.