Kanyerere Amata Ng'ona Pakamwa

Kanyerere anali mtsikana wa zaka zisanu. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa sankakhala pansi. Uku wanyamula batani. Uku wanyamula kansalu. Kanyerere weniweni!

Koma Kanyerere anali ndi vuto limodzi. Ankaopa tsamba lina la m'buku.

Kanyerere ankaphunzira kunyumba. Aphunzitsi ake anali bambo ake, atelala. Kalasi yake inali pafupi ndi makina osokera. Panali katebulo. Panali kampando. Panali sizasi, mapensulo ndi botolo la guluu.

Lachisanu lililonse ankapita ku laibulale. Ankabwereka buku limodzi la zithunzi. Akawerenga, ankapanga zimene aona. Atawerenga za mbewu, anadzala nyemba m'chitini. Atawerenga za sitima, anamata makatoni. Atawerenga za mbalame, anasoka mapiko a zigamba.

Sabata imeneyo anabwereka buku la ng'ona.

Lolemba m'mawa, bambo anatsegula buku. Tsamba loyamba, mtsinje. Tsamba lotsatira, achule. Tsamba lotsatira, bango. Kenako anafika pakati penipeni.

Mayo! Ng'ona!

Ng'onayo inadzaza masamba awiri. Mano ena tsamba ili. Mano ena tsamba ilo. Ukatsegula buku, ng'ona iyasama. Ukatsegula kwambiri, iyasama kwambiri.

Kanyerere anakuwa. Anathawira kunsi kwa tebulo losokera.

"Tsekani, Ababa! Tsekani!"

"Ndi pepala chabe, mwanangu," anatero bambo.

Akuluakulu amangotero. Pepala chabe! Nanga pepala limakhala ndi mano?

Lachiwiri anayesanso. Mtsinje. Achule. Bango. Kanyerere anali kale kunsi kwa tebulo.

Lachitatu kunabwera munthu kudzatenga buluku lake. Bambo anatuluka kukamupatsa pakhomo. Kanyerere anatsala yekha m'chipinda. Buku nalo linatsala, lili chitsegulire.

Mphepo inalowa pazenera. Tsamba linatembenuka lokha. Achule. Linatembenukanso. Bango.

Tsamba lina linayamba kudzuka. Dzino limodzi linaonekera.

Kanyerere anagwira botolo la guluu. Anatsinzina. Anathira guluu, thapwi! Anatseka buku, phwa! Analiika pakampando n'kulikhalira. Anawerenga mpaka khumi. Anawerenganso mpaka khumi, poti manambala ake ankathera pomwepo.

Anatsegula pang'onopang'ono. Mtsinje. Achule. Bango. Ng'ona kulibe! Masamba apakati anali atamatana. Ng'ona inali itatsekeka pakamwa.

Kanyerere anamwetulira. Koma kumwetulirako sikunachedwe.

Anakumbukira amayi a ku laibulale. Amayi aja aatali. Amayi aja a magalasi aakulu. Iwo ankanena mawu omwewo kwa mwana aliyense: "Wowononga buku sabwerekanso."

Sabwerekanso! Ndiye kuti sukulu ya Kanyerere yatha. Kupanga sitima kwatha. Kusoka mapiko kwatha.

Mantha a ng'ona anachoka. Anabwera mantha ena aakulu kuposa aja. Masana Kanyerere sanadye. Madzulo sanasewere. Makina akamalira, ankamveka ngati akuti, "Wamata, wamata, wamata."

Lachinayi bambo anabwera ndi katoni yoyera.

"Lero tidula mano a ng'ona," anatero. "Tiyambe tawawerenga m'bukumu."

Anatsegula. Mtsinje. Achule. Bango. Anayesa ndi chala. Ananyowetsa chala n'kuyesanso. Masamba anali gwa!

Bambo anayang'ana buku. Anayang'ana botolo la guluu. Anayang'ana Kanyerere.

Kanyerere anayamba kulira.

"Ndine, Ababa. Imafuna kutuluka. Ndinaimata pakamwa."

Bambo sanakalipe. Anakhala pansi n'kumuika pamwendo.

"Unachita mantha kwambiri, eti?"

"Ee, Ababa."

"Nanenso ndinalakwa. Ndinakusiya wekha ndi ng'ona. Tiye tione chochita."

Anapita kukhitchini. Bambo anawiritsa madzi m'ketulo. Nthunzi inayamba kutuluka.

"Ima uko, nthunzi imawotcha," anatero bambo.

Anagwira buku pamwamba pa nthunzi. Anadikira. Anadikiranso. Analowetsa kansonga ka sizasi pakati pa masamba.

"Fulumirani, Ababa."

"Ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masamba anayamba kumatuka. Pang'ono. Pang'ononso. Kenako kunamveka phokoso laling'ono, kwee!

Buku linatseguka. Ng'ona inayasama. Koma mano atatu anali atamatuka. Panangotsala zigamba zotuwa.

"Mawa tikanena ku laibulale," anatero bambo.

"Mukanene ndinu, Ababa."

"Ine ndikakugwira dzanja. Pakamwa pakakhala pako."

Lachisanu linafika msanga. Masiku oopsa amatero, sachedwa. Njira ya ku laibulale inali yaifupi kuposa kale.

Chitseko chinalira, kwiii! M'kati munali chete. Amayi a magalasi anali patebulo lawo lalitali. Kanyerere anaika buku patebulopo.

"Mwadzuka bwanji, Amayi?" Mawu ake anatuluka aang'ono ngati a kamwanapiye.

"Ndadzuka bwino, mwanawe. Mwaliwerenga?"

Kanyerere anafinya dzanja la bambo ake.

"Ndawononga buku. Ndinamata ng'ona pakamwa. Ndimaiopa. Pepani."

Amayi aja anatsegula buku. Anatsitsa magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kanyerere ankamva wotchi yapakhoma, ta, ta, ta.

"Mano atatu," anatero amayiwo.

"Ee, Amayi."

"Wakutuma kudzanena ndani?"

"Ababa. Koma pakamwa ndi panga."

Amayiwo anatsokomola pang'ono. Mwina kunali kuseka. Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala loyera, kasizasi ndi guluu.

"Wowononga buku sabwerekanso," anatero. "Koma wokonza buku amabwereka. Wazula manowa ndiwe. Uwabwezere wekha."

Kanyerere anayang'ana ng'ona. Ng'ona inali yasa! Kuti abwezere mano, ankayenera kulowetsa dzanja m'kamwa mwake.

"Ababa, indiluma."

"Ndagwira masamba onse awiri," anatero bambo. "Singatseke pakamwa."

Kanyerere anadula dzino loyamba. Analipaka guluu, kadontho kamodzi kokha. Anatambasula dzanja. Analibweza. Anatambasulanso. Chala chinalowa m'kamwa mwa ng'ona.

Anakanikiza. Anachotsa dzanja msangamsanga. Anawerenga zala zake. Zinalipo zonse zisanu.

Anamata dzino lachiwiri. Dzino lachitatu linapendekeka pang'ono. Kanyerere analiwongola ndi chikhadabo. Nthawi imeneyi sanatsinzine.

Amayi a magalasi anayang'anitsitsa.

"Dokotala wa mano wagwira ntchito," anatero. "Sankha buku lina."

Kanyerere anayang'ana mashelefu. Mabuku analipo ambirimbiri. Kenako anayang'ana ng'ona ija.

"Ndikufuna lomweli. Sitinalimalize."

Madzulo amayi ake a Kanyerere anabwera kuchokera kuntchito. Anamva nkhani yonse. Anakhala atatu pampando waukulu, Kanyerere pakati.

Mtsinje. Achule. Bango. Kanyerere anagwira tsamba. Anatsegula yekha. Ng'ona inayasama, mano ake atatu ali mbee. Kanyerere anapuma kwambiri. Anatembenuza tsamba limene anali asanalionepo.

Ng'ona inali itagona pamchenga, maso ali tseke.

"Ha!" anatero amayi. "Kani imangoyasamula!"

Bambo anaseka kwambiri. Anayamba kuwerenga ndi mawu awo aakulu. Kanyerere anawagwira pamkono.

"Tsitsani mawu, Ababa," ananong'oneza. "Wodwala wanga wagona."