Jekete la Abambo

Triza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala m'mudzi wa kufupi ndi Nsaru. Ali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Simeon. Simeon wangoyamba kumene kuyenda.

Triza ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna jekete la abambo ake.

Abambo ake anamwalira mwezi wa Meyi. Anadwala masiku ochepa chabe. Jekete lawo linatsala pamsomali, kuseri kwa chitseko.

Jeketelo linali labuluu. Linali lalikulu. Linkanunkhira utsi ndi fodya wa m'chigafa. Thumba lakumanja linali la Triza. Abambo akachokera ku msika, ankati, "Pisa dzanja, Triza." Triza ankapisa dzanja. Ankapezamo mtedza wokazinga.

Maliro atatha, achibale anayala mphasa pabwalo. Anagawana zovala za abambo. Amati ndiwo mwambo. Nsapato zinapita kwa uyu. Malaya anapita kwa uyo. Jekete linapita kwa a Goodson, mng'ono wawo wa abambo.

Palibe anamufunsa Triza. Pamphasa ya akuluakulu, mwana safunsidwa.

"Lisiyeni pamsomali pompo," anatero a Goodson. "M'nyumba muno ndidzakhalamo ndine."

Mudzi uwu unali kwawo kwa abambo. Kwawo kwa amayi ndi ku Namitete, kutali. Tsopano amayi anayenera kubwerera kwawo ndi ana awo. Nyumba itsala. Munda utsala. Mbuzi zitsala. Triza zinamuwawa kwambiri.

Tsiku la ulendo linafika. Unali mmawa wozizira wa mu Juni. Amayi anatsegula chikwama chachikulu cha mizeremizere.

"Chikwama ndi chimodzi, Triza," anatero amayi. "Titenga zofunika zokha. Ulendo wa ndi mwana si masewera."

"Chabwino, amayi."

"Ndipatse buku la kusikelo la Simeon."

Triza anawapatsa buku la kusikelo.

"Ndipatse sopo ndi mafuta odzola."

Triza anawapatsa sopo ndi mafuta odzola.

"Ndipatse kapu, supuni ndi botolo la madzi owiritsa."

Triza anawapatsa zonse.

Amayi anaikamo zovala. Anaikamo mbatata yophika. Pamwamba penipeni anaikapo matewera asanu ndi bulangete la Simeon.

"Izi zizikhala pamwamba," anatero amayi. "Mwana sachenjeza."

Chikwama chinadzaza. Zipi inatseka movutikira.

"Nanga jekete la abambo?" anafunsa Triza.

"Si lathu," anayankha amayi.

"Koma ndi la abambo anga!"

"Ndati si lathu. Usandiputire mkangano, mwana iwe. Ndatopa nawo anthu a pano."

Amayi anabereka Simeon kumbuyo. Anapita kukatsazika anzawo a kutchalitchi. Triza anatsala yekha m'nyumba.

Anayang'ana jekete. Anayang'ana chikwama. Anayang'ananso jekete.

Triza anakwera pampando. Anachotsa jekete pamsomali. Analikankhira m'chikwama. Silinalowe. Analipinda kawiri. Silinalowe. Analikhalira. Silinalowebe.

Ndiye Triza anachotsa bulangete la Simeon. Anachotsanso matewera onse asanu. Anazibisa pansi pa bedi. Tsopano jekete linalowa. Zipi inatseka.

A Goodson anafika ndi ngolo. Inkakokedwa ndi ng'ombe ziwiri zakuda.

"Mlamu, fulumirani," anatero kwa amayi. "Minibasi za ku Nsaru sizidikira munthu."

Anakweza chikwama. Anakwera onse. Amayi sanacheuke. Triza anacheuka mpaka denga la nyumba linabisika kuseri kwa mitengo ya mango.

Ngolo inkayenda pang'onopang'ono. Mphepo inkawomba. Inkalowa m'makutu. Inkalowa mpaka m'mafupa.

Ali pakati pa dambo, Simeon anayamba kulira. Anali atakodza. Thewera linanyowa. Kabudula ananyowa. Chitenje choberekera chinanyowanso.

"Alamu, taimitsani ngolo," anatero amayi. "Ndimusinthe mwanayu."

A Goodson anaimitsa ng'ombe monyinyirika. Amayi anakoka chikwama. Triza anayang'ana kumbali.

Amayi anatsegula zipi. Matewera munalibe. Bulangete munalibe. Pamwamba panali jekete labuluu.

A Goodson anatong'ola maso.

"Kodi ili si jekete langa?" anafunsa. "Mlamu, mwayamba kuba eti? Nenani, ndi chiyaninso chimene mwabisa m'menemo?"

"Ine si wakuba, alamu," anatero amayi. "Zaka khumi ndakhala pamudzi panu. Ndinabapo chiyani?"

"Nanga lalowa lokha?"

A Goodson analanda jekete. Analiika pamiyendo pawo. Amayi anawerama ndi manyazi. Manyazi amenewo sanali awo.

Triza sanathe kupirira.

"Ndine," anatero motsitsa mawu.

"Wati chiyani?"

"Ndine, abambo aang'ono! Amayi sakudziwa kanthu. Matewera ndawabisa pansi pa bedi."

"Triza!" anakuwa amayi. "Wachotsa zamwana? Kuzizira konseku?"

"Nsapato munatenga," anatero Triza akulira. "Malaya munatenga. Nyumba mwatenga. Ine ndatsala ndi chiyani cha abambo anga? Ankandiikira mtedza m'thumba limenelo. Thumba limenelo ndi langa!"

A Goodson anangoyang'ana michira ya ng'ombe zawo.

Simeon ankalirabe. Amayi anafufuza m'chikwama. Anatulutsa chitenje chawo cha kutchalitchi. Chinali chitenje chawo chabwino chokhacho. Anachiluma m'mphepete. Anaching'amba pakati. Kweee!

Triza anamva ngati ang'amba mtima wake.

Amayi anamupukuta Simeon. Anamudzoza mafuta. Anamumanga theka la chitenje ngati thewera. Theka linalo anamufunditsa. Koma chitenje si bulangete. Mphepo inkadutsa. Simeon ankanjenjemera. Timilomo take tinatuwa.

Triza anavula juzi yake. Anamuveka Simeon.

"Pepa, Simeon," anatero. "Pepani, amayi."

Tsopano ankanjenjemera ana awiri. Mano a Triza ankagundana. Simeon sanasiye kulira. Analira, analira, analira.

Kenako Simeon anaona jekete pamiyendo pa a Goodson. Anatambasula timanja take.

"Baba," anatero Simeon. "Baba."

Mawu amene ankawadziwa ndi omwewo basi.

A Goodson anayang'ana mwanayo. Anayang'ana jekete. Analigwira kolala. Analinunkhiza pang'ono. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola.

Kenako anatsokomola.

"Sendera kuno, iwe," anatero kwa Triza. "Munyamule mlongo wakoyo."

Triza ananyamula Simeon. A Goodson anatambasula jekete. Anawafunditsa onse awiri. Anamanga batani lapakhosi. Jekete linali lalikulu. Ana awiri anakwanamo.

Simeon anabisa nkhope m'jekete. Anapuma kawiri. Anasiya kulira.

"Jekete limeneli limandithina m'khwapa," anatero a Goodson. "Silingandikwane ine."

Limenelo linali bodza. A Goodson ndi owonda ngati mpini wa khasu. Koma palibe anawatsutsa.

"Ndiye ndi lathu?" anafunsa Triza.

"Kodi sunamve? Ndati limandithina."

A Goodson anakuwira ng'ombe. Ngolo inayambanso kuyenda. Kwa amayi sanapepese. Akuluakulu ena mawu akuti pepani amawalemera kuposa thumba la chimanga.

Anafika pa Nsaru dzuwa litakwera. Panali phokoso. Panali fumbi. Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza. A Goodson anakweza chikwama. Kenako anazimirira mumsika.

"Apita osatsazika," anatero amayi. "Ndi mmene alili."

Amayi anakhala pafupi ndi zenera. Triza anakhala pambali pawo. Simeon anagona tulo m'jekete.

"Triza, tamvera," anatero amayi. "Zamwana sizichotsedwa m'chikwama. Thewera, bulangete, madzi, buku la kusikelo. Ngakhale mtima ukuwawe bwanji. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Pepani chifukwa cha chitenje chanu."

"Chitenje ndidzasoka."

Injini inalira. Pomwepo a Goodson anatulukira akuthamanga. Anaweramira pakhomo la minibasi. Anakonzakonza jekete la ana. Anamusisita Simeon pamutu.

"Mlamu, matewera ndi bulangete ndidzabweretsa Loweruka," anatero. "Ndidzabweretsa ndekha."

"Zikomo, alamu," anayankha amayi.

"Muyende bwino."

Chitseko chinatsekedwa. Minibasi inanyamuka. Nsaru inatsala m'mbuyo. Nyumba inatsala. Munda unatsala. Mbuzi zinatsala.

Manja a Triza anali akadali ozizira. Anapisa dzanja m'thumba lakumanja. Anadzidzimuka. Munali kanthu. Kanali kofunda.

Unali mtedza wokazinga, wokulunga m'kapepala.

Triza anayang'ana pazenera. A Goodson anali kutali, ataimirira pafupi ndi ngolo yawo. Sankabayibitsa. Ankapukuta m'maso ndi chipewa.

Triza anayang'ana amayi ake. Amayi anali asanaseke chiyambire mwezi wa Meyi. Triza anawasendezera thumba lija.

"Amayi," anatero, "pisani dzanja."

Amayi anapisa dzanja. Anagwira mtedza. Misozi inatsika. Kenako anaseka. Anawakumbatira ana awo onse awiri, pamodzi ndi jekete lomwe.